Kaphikidwe ka lasagna ya tchizi wambiri mu uvuni

Lasagna ndi chakudya cha ku Italy chochita kusanjikiza: pansi msuzi wa nyama, pamwamba pake pasta yafulati, kenako msuzi woyera wa mkaka ndi tchizi, n'kubwerezanso chimodzimodzi mpaka mbale itadzaza, basi n'kulowetsa mu uvuni. Kusanjako n'kosavuta. Chimene chimasiyanitsa lasagna yabwino ndi yolephereka ndi madzi. Akachuluka, chidutswa chimaphwasuka mukangochinyamula, msuzi n'kuyenderera mbale yonse. Akachepa, pasta ya m'mbali imauma gwa, pakati n'kukhala posapsa. Ndiye pa sitepe iliyonse muzidzifunsa kuti madzi ali pati ndipo ndi ochuluka bwanji.

Ku Bologna, m'chigawo cha Emilia-Romagna, lasagna amaipanga ndi msuzi wa nyama wotchedwa ragù, msuzi woyera wotchedwa besciamella ndi tchizi wolimba wa Parmigiano-Reggiano (Parmesan), ndipo pasta yake imakhala yobiriwira chifukwa amaikanda ndi sipinachi. Tchizi wa mozzarella saikamo. Ku Naples amaika tchizi wofewa woyera wotchedwa ricotta, timibulu ta nyama ndi mazira owiritsa, makamaka pa nyengo ya Carnival, chikondwerero chochitika Lenti isanayambe. Ku America inafala ya ricotta ndi mozzarella wambiri. Imene tikufotokoza pano yatenga misuzi iwiri ya ku Bologna n'kuwonjezera mozzarella, kuti mukadula tchizi azitamuka.

Zofunika

Miyeso iyi ndi ya mbale yophikira mu uvuni ya masentimita 33 m'litali, 23 m'lifupi, yakuya masentimita 6 kapena kuposa. Imakwanira anthu 8. Mbale yosaya musaigwiritse ntchito, msuzi umasefukira.

Za msuzi wa nyama: magalamu 750 a nyama yogaya (ya ng'ombe yokhayokha, kapena 500 ya ng'ombe ndi 250 ya nkhumba), anyezi mmodzi wamkulu, karoti mmodzi, phesi limodzi la selari, timagawo 3 ta adyo, masupuni aakulu 2 a mafuta a maolivi, masupuni aakulu 2 a tomato pesiti, zitini 2 za tomato za magalamu 400 chilichonse, mamililita 150 a vinyo kapena msuzi wa mafupa, mamililita 120 a mkaka, tsamba limodzi lonunkhiritsa la bay, mchere ndi tsabola wakuda.

Za msuzi woyera: magalamu 80 a batala, magalamu 80 a fulawa, lita imodzi ya mkaka wosachotsa mafuta, mchere, ndi chonunkhiritsa cha nutmeg pang'ono.

Za kusanja: magalamu 300 mpaka 400 a mapepala a pasta ya lasagna (12 mpaka 16, malinga ndi kukula kwake), magalamu 350 a mozzarella, ndi magalamu 120 a Parmesan.

Patulani maola atatu ndi theka. Nthawi yambiri mudzakhala mukungodikira poto ndi uvuni, koma kudikirako sikudumphika.

Choyamba: msuzi wa nyama

Yambani ndi msuziwu chifukwa ndi umene umatenga nthawi. Sankhani nyama ya mafuta pang'ono, pafupifupi 15 mpaka 20 peresenti. Yopanda mafuta n'komwe imauma n'kukhala ngati timiyala m'kamwa ikaphikidwa kawiri, pa moto ndi mu uvuni.

Terekani poto wamkulu wa pansi pokhuthala, thiranimo supuni imodzi ya mafuta, moto ukhale waukulu. Ikani theka la nyama, muiyale pansi pa poto, ndipo musaitakase kwa mphindi zitatu. Apa ndi pamene anthu ambiri amapupuluma. Nyama ikangolowa m'poto imatulutsa madzi, ndipo madziwo asanaphwe nyamayo imangowira, siikazingika. Mvetserani phokoso lake. Poyamba imalira kuti tsaa chifukwa cha nthunzi, kenako imayamba kuthetheka. Kuthethekako n'chizindikiro choti madzi atha ndipo nyama yayamba kufiirira. Tembenuzani, nyenyani mibulu ndi mthiko, ikafiirira itsanulireni m'mbale n'kukazinga theka linalo. Mukathira nyama yonse nthawi imodzi poto amazizira, madzi amachuluka, nyama imatuwa, ndipo kukoma kwa nyama yokazinga kumasowa mu lasagna yonse.

Mafuta akachuluka m'poto, tsanulani n'kusiya okwana masupuni awiri. Mafuta amene simuwachotsa pano mudzawapeza atayandama m'makona a mbale. Koma zofiirira zimene zamatirira pansi pa poto musazikwangule n'kutaya, chifukwa kukoma kuli m'menemo.

Chepetsani moto, thirani mafuta otsala, ikani anyezi, karoti ndi selari zodula tizidutswa tating'ono kwambiri. Zikhale zing'onozing'ono ndithu, kuti pomapsa zisungunukire mumsuzi. Kazingani mphindi 8 mpaka 10, anyezi afewe n'kuwala koma asapserere. Adyo alowe pomaliza, mphindi imodzi yokha, chifukwa akapserera amawawa ndipo kuwawako sikuchoka. Onjezani tomato pesiti n'kumukazinga mphindi ziwiri mpaka adere pang'ono. Wosakazinga amasiya kakomedwe ka chitini.

Bwezerani nyama. Thirani vinyo kapena msuzi wa mafupa, n'kupala pansi pa poto ndi mthiko kuti zomatirira zija zisungunuke. Ngati ndi vinyo, dikirani aphwe mpaka fungo la mowa litachoka. Kenako ikani tomato. Ngati ndi wathunthu, mufinyeni ndi dzanja. Tsukuluzani zitinizo ndi madzi okwana mamililita 200 n'kuthira momwemo. Onjezani mkaka, tsamba la bay, supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi tsabola. Mkaka umafewetsa nyama ndi kuchepetsa kuwawasa kwa tomato, ndipo ku Bologna ndi mbali ya ragù kuyambira kale.

Vundikirani mosiya mpata, moto ukhale wochepa kwambiri, msuzi uzingobwata apa ndi apo. Phikani ola limodzi ndi theka, mukatha maola awiri n'kwabwino koposa. Muzitakasa mphindi 15 zilizonse, makamaka cha kumapeto pamene wayamba kulimba. Ukauma nthawi isanakwane thirani madzi otentha pang'ono.

Kuti mudziwe ngati wafika, kokani mthiko pansi pa poto. Kanjira kamene mthiko wasiya kakhale koonekera kwa masekondi awiri kapena atatu kasanatsekeke. Kakatsekeka nthawi yomweyo, msuzi udakali ndi madzi ambiri, chotsani chivundikiro upitirire kuphwa. Kakapanda kutsekeka n'komwe, wauma mopitirira. Lawani mchere, koma ukhale wochepera pang'ono pa mmene mumakondera, chifukwa Parmesan ndi wamchere kwambiri. Ngati tomato akuwawasabe, theka la supuni yaing'ono ya shuga limakwanira. Chotsani tsamba la bay.

Msuziwu umakoma kwambiri ukagona m'firiji usiku umodzi, komanso mafuta amaundana pamwamba n'kuchotseka mosavuta ndi supuni. Ngati nthawi ilipo, phikani dzulo lake.

Chachiwiri: msuzi woyera

Pangani msuziwu pamene wa nyama watsala pang'ono kupsa. Tenthetsani mkaka m'poto wina, ufunde koma usawire. Sungunulani batala pa moto wapakati, thirani fulawa yonse nthawi imodzi n'kutakasa. Zidzagwirana n'kuyamba kuchita thovu. Pitirizani kwa mphindi ziwiri kuti fungo la fulawa yaiwisi lichoke, koma zisafiirire, msuziwu ndi woyera.

Thirani mkaka pang'onopang'ono mukumenya ndi chomenyera mazira. Chipande choyamba chikalowa, zonse zidzalimba n'kukhala chibulu chimodzi. Musade nkhawa, n'mmene zimakhalira. Menyani mpaka zisalale musanathire chipande chachiwiri. Mibulu imabwera mukathira mkaka wambiri koyambirira, pamene fulawa isanamasuke. Mukafika theka la mkaka, wotsalawo mutha kuthira mwamsanga.

Usiyeni ubwate pang'ono kwa mphindi 5 mpaka 8, mukutakasa ndi kufikitsa m'makona a poto, chifukwa kupserera kumayambira mmenemo. Viikani supuni, tembenuzani, jambulani mzere ndi chala kumsana kwake. Mzerewo ukatsala osatsekeka, msuzi wapsa. Uyenera kuthirika kuchokera m'chipande, osati kugwa mbulumbulu. Ukalimba kwambiri onjezani mkaka. Phulani, thirani theka la supuni yaing'ono ya mchere, nutmeg wapansonga pa mpeni, ndi dzanja limodzi la Parmesan wopala. Tchizi alowe poto ali pansi, osati pa moto, chifukwa akawira amatulutsa mafuta n'kusiya timisere.

Mibulu ikakhalapo, sefani pa sefa, palibe chaonongeka. Msuzi ukapserera pansi musapale. Tsanulirani wapamwamba m'poto wina mwamsanga n'kulawa. Ngati fungo la utsi lalowerera, yambiraninso, chifukwa lita imodzi ya mkaka ndi yochepa poyerekeza ndi mbale yonse ya lasagna. Podikira kusanja, yalani pulasitiki yakukhitchini kapena pepala lophikira makeke pamwamba penipeni pa msuzi kuti usachite chikopa.

Za tchizi

Mozzarella alipo wamitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi ndi kumene kumabweretsa lasagna yamadzi m'makhitchini ambiri. Pali wofewa, woyera, wamibulu wogulitsidwa m'madzi, ndiye pali wolimba wouma wogulitsidwa ngati kanjerwa. Wa mu uvuni ndi wolimbayo. Amasungunuka bwino, amatamuka, amafiirira, ndipo satulutsa madzi. Ngati muli ndi wofewa yekha, mudulenidule, muikeni pa sefa ola limodzi, kenako mupukuteni ndi kansalu koyera. Mudzadabwa ndi madzi amene atuluke.

Palani nokha tchizi pa geleta. Wopalapala wa m'mapaketi nthawi zambiri amamuwaza sitachi kapena selulozi kuti asamatane, ndipo zimenezi zimamulepheretsa kusungunuka mosalala. Mozzarella akamamatirira pa geleta, muikeni m'filiza mphindi 15 kaye.

Mozzarella amapereka kutamuka, koma kukoma kwake n'kozizira. Kukoma kumachokera kwa Parmesan. Parmigiano-Reggiano weniweni amasungidwa miyezi yosachepera 12 asanagulitsidwe, n'chifukwa chake ndi wouma, wamchere komanso wonunkhira. Tchizi wina wolimba, Grana Padano, amalowa m'malo mwake bwinobwino. Pecorino Romano, wa mkaka wa nkhosa, ndi wamchere kwambiri, ndiye muchepetse muyeso. Cheddar amatheka, koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a tchizi yense, chifukwa akatentha amatulutsa mafuta, makamaka wokhalitsa. Ndipo tinene poyera: kuwirikiza tchizi kawiri sikupangitsa lasagna kukoma kawiri. Kumangopanga chikhungwa cholimba pamwamba ndi mafuta pansi. Magalamu 470 pa mbale iyi ndi ambiri kale.

Okonda ricotta m'malo mwa msuzi woyera atenge magalamu 500, amukhetse madzi pa sefa m'firiji kwa maola angapo, kenako asakanize ndi dzira limodzi, magalamu 50 a Parmesan, mchere ndi tsabola. Ricotta sasungunuka, ndipo dziralo ndi limene limamugwira kuti asayoyoke. Lasagna ya ricotta imakhala youmirako, choncho msuzi wa nyama ukhale wofewerapo.

Chachitatu: pasta

Werengani paketi musanachite chilichonse, chifukwa mapepala a lasagna alipo amitundu itatu ndipo mtundu uliwonse umamwa madzi mosiyana.

Ouma ofunika kuwiritsa: wiritsani malita 4 kapena 5 a madzi ndi masupuni aakulu awiri a mchere. Ikani mapepala anayi kapena asanu pa nthawi, limodzilimodzi, mukuwasuntha kuti asamatane. Atulutseni kutatsala mphindi ziwiri kapena zitatu pa nthawi yolembedwa pa paketi. Azipindika koma pakati pakhale polimba, chifukwa akapsanso mu uvuni. Mukawapsetsa kwathunthu m'madzi, sadzamwanso msuzi ndipo adzaphwetekera. Ayaleni pa nsalu yoyera yonyowa pang'ono, lililonse palokha. Mukawaunjika pa sefa amamatana moti powalekanitsa amang'ambika. Njira ina yosavuta ndi kuwaviika m'madzi otentha kwambiri m'thireyi kwa mphindi 20 mpaka 30, mukuwasuntha nthawi ndi nthawi.

Osafunika kuwiritsa: awa ndi opyapyala ndipo anaphikidwa kale ku fakitale n'kuumitsidwanso. Madzi onse amene akufuna amawatenga mumsuzi wanu. Choncho onjezani mamililita 150 mpaka 200 a madzi mumsuzi wa nyama, ndipo kanjira ka mthiko kaja kazitsekeka msanga. Malo alionse amene msuzi sunakhudze adzatuluka ouma. Siyani kampata pakati pa mapepala ndi m'mbali mwa mbale, chifukwa amafufuma akamamwa.

Aawisi, okanda ndi mazira: akakhala opyapyala alowe mmene alili. Okhuthala aviikeni m'madzi owira masekondi 30, kenako m'madzi ozizira, n'kuwapukuta. Amamwa madzi ochepa, ndiye msuzi ukhale wolimba.

Chachinayi: kusanja

Yatsani uvuni pa madigiri 180 a Celsius, kapena 160 ngati ndi wa fani, ndipo shelefu ikhale pakati. Misuzi yonse iwiri ikhale yofunda, osati yotentha kwambiri kapena yozizira. Yotentha imayenderera, yozizira siiyalika.

Musanayambe, gawani zinthu ndi maso. Tipanga mizere inayi ya pasta, kutanthauza mipata itatu ya mkati ndi pamwamba. Patulani chipande chimodzi cha msuzi wa nyama cha pansi, wotsalawo mugawe patatu. Msuzi woyera mugawe panayi, gawo la pamwamba likhale lalikulupo. Theka la mozzarella ndi theka la Parmesan ikani pambali, ndi za pamwamba. Osagawiratu amathira mowolowa manja pansi n'kupezeka kuti pamwamba palibe chotsala, pamene pamwamba ndi pofunika kwambiri kuphimbika.

Pakani batala m'mbale. Yalani chipande chija cha msuzi wa nyama pansi. Pasta isakhudze mbale mwachindunji, imamatirira n'kupserera. Yalani mzere woyamba wa mapepala. Owiritsa apitirirane pang'ono m'mphepete, pafupifupi sentimita imodzi. Pepala likatalika lidulani, musalipinde kukwera m'khoma la mbale chifukwa lidzauma. Zidutswa zong'ambika zigwiritseni ntchito m'mizere ya mkati, palibe adzazione.

Pamwamba pa pasta yalani gawo limodzi la msuzi wa nyama mpaka m'makona. Thirani gawo la msuzi woyera n'kuliyala ndi kumsana kwa supuni. Misuziyi ikasakanikirana pang'ono palibe vuto. Wazani mozzarella ndi Parmesan. Ikani mzere wachiwiri wa pasta mopingasa ndi woyamba, monga mmene womanga amapingasira njerwa kuti khoma ligwirane, ndipo dinikizani pang'ono ndi chikhatho kuti mpweya utuluke. Bwerezani mpaka mzere wachinayi.

Msuzi pa mzere uliwonse ukhale wopyapyala, wongophimba pasta. Msuzi wokhuthala pakati pa mapepala ndi umene umachititsa kuti mizere iterereke podula. Mizere inayi kapena isanu yopyapyala imaima bwino kuposa itatu yodzaza.

Pa mzere womaliza thirani msuzi woyera wotsala, muufikitse m'mphepete monse kuti pasapezeke nsonga ya pasta yoonekera. Wazani tchizi munasunga uja. Siyani mpata wa sentimita imodzi kufika pakamwa pa mbale. Ngati mukugwiritsa ntchito mapepala osawiritsa, isiyeni mbaleyo mphindi 20 musanalowetse mu uvuni, kuti ayambe kumwa.

Chachisanu: kuphika

Vundikirani ndi foyilo ya aluminiyamu, koma isakhudze tchizi. Itukuleni pakati, kapena pakani mafuta mbali ya pansi, apo ayi pochotsa idzanyamula tchizi yense. Palinso chifukwa china: asidi wa tomato ndi mchere zimadya aluminiyamu, makamaka mbale ikakhala yachitsulo, n'kusiya timabowo pa foyilo ndi timadontho totuwa pa chakudya. Izi zimachitika kwambiri lasagna ikagona yovundikira m'firiji. Pepala lophikira makeke pansi pa foyilo limateteza zimenezi.

Ikani mbale pa thireyi kuti zosefukira zisagwere pansi pa uvuni. Thireyiyo imathandizanso mu uvuni umene moto wake umachokera pansi, monga wa gasi, kuti pansi pa lasagna pasapserere pamwamba pasanapse.

Phikani yovundikira kwa mphindi 30. Nthawi imeneyi nthunzi ikupsetsa pasta ndipo kutentha kukufika pakati. Chotsani foyilo n'kupitiriza mphindi 15 mpaka 20. Apa madzi owonjezera akutuluka ndipo tchizi akufiirira. Mukaphika yosavundikira kuyambira poyamba, pamwamba pamada pakati padakali pozizira. Mukaisiya yovundikira mpaka kumapeto, imatuluka yotuwa ndi yamadzi.

Yapsa m'mbali monse mukamabwata, pamwamba patachita mawanga ofiirira, ndipo mpeni ukulowa pakati osakumana ndi cholimba. Siyani mpeniwo mkati masekondi asanu, muutulutse n'kuukhudza mosamala. Ukhale wotentha kwambiri. Okhala ndi choyezera kutentha ayang'ane madigiri 74 pakati. Ngati mkati mwapsa koma pamwamba padakali potuwa, yatsani moto wapamwamba wokha kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo musachokepo, tchizi amapserera mofulumira kwambiri. Pamwamba pakamada msanga mkati musanapse, bwezerani foyilo momasuka. Uvuni wambiri umatentha mbali imodzi kuposa inzake, ndiye tembenuzani mbale pamene mukuchotsa foyilo.

Chachisanu ndi chimodzi: kudikira

Itulutseni, muiike pa thabwa kapena pa nsalu youma, ndipo musaidule kwa mphindi 20 mpaka 30. Sitepe iyi ndi yofunika mofanana ndi ina yonse, ndipo ndi imene imadumphidwa kwambiri, chifukwa fungo limakhala ladzaza nyumba ndipo anthu ali kale pa tebulo. Lasagna ikangotuluka, msuzi umakhala ukuwirabe ndipo tchizi ndi wamadzimadzi. Ikamazizira pang'ono, sitachi wa mumsuzi woyera amagwirana, tchizi amalimba, pasta imamwa madzi otsala. Mukadula msanga, ngakhale mutachita bwino zonse, idzaphwasuka. Musaope kuti izizira, mbale yaikulu chonchi imasunga kutentha nthawi yaitali. Musaivundikire mothina podikirapo, chifukwa nthunzi imagwera pa tchizi n'kufewetsa chikhungwa.

Dulani ndi mpeni wakuthwa mpaka pansi, dutsitsani mpeni m'mbali mwa mbale, n'kunyamula ndi chotembenuzira chafulati. Chidutswa choyamba nthawi zonse chimavuta kutuluka, ndiye yambirani pakona ndi kachidutswa kakang'ono kuti mupeze polowetsa chotembenuzira.

Zikavuta

Madzi akadikha pansi pa mbale ngakhale munadikira, yang'anani zinthu zitatu: msuzi wa nyama sunaphwe mokwanira, mozzarella anali wofewa wosakhetsa, kapena pasta inalowa ikudontha madzi. Ndiwo zamasamba ndi gwero lina lalikulu. Bowa, sipinachi, mabiringanya ndi zukini zimakhala ndi madzi ambiri, ndipo zikalowa zaziwisi madziwo amatulukira mu lasagna. Bowa mukazingeni mpaka madzi ataphwa, sipinachi mumufutse n'kumufinya ndi manja mwamphamvu, mabiringanya ndi zukini muziwotche kaye mu uvuni.

M'mbali mukauma n'kupotana, ndiye kuti msuzi sunafike m'makona kapena foyilo inachoka msanga. Pakati pakakhala pasta yolimba, mapepala osawiritsa anasowa madzi kapena anasanjikizana awiriawiri. Mukazindikira zimenezi idakali mu uvuni, thirani theka la kapu ya madzi otentha kapena mkaka m'mbali mwa mbale, vundikirani, muwonjezere mphindi 15.

Mafuta akayandama pamwamba, apukuteni ndi pepala lakukhitchini, ndipo ulendo wina khetsani nyama bwino ndi kuchepetsa cheddar. Tchizi akakhala wotafunika movuta, wakhalitsa pa moto wosavundikira kapena uvuni unatentha kwambiri. Lasagna ikakhala yosakoma ngakhale zonse zili m'malo, kawirikawiri vuto ndi mchere wa mumsuzi woyera kapena wa m'madzi a pasta, apo ayi nyama siinafiirire. Lawani msuzi uliwonse paokha musanasanje, chifukwa mukasanja simungakonzenso.

Kukonzeratu ndi kusunga

Mutha kusanja lero n'kuphika mawa. Ivundikireni bwino, isungeni m'firiji osapitirira maola 24, muitulutse mphindi 30 musanaphike, ndipo muwonjezere mphindi 15 mpaka 20 pa nthawi yophika yovundikira. Mbale yagalasi yochokera m'firiji musailowetse mu uvuni wotentha kale, ikhoza kusweka chifukwa cha kusintha kwadzidzidzi kwa kutentha. Chimodzimodzinso, yotentha musaiike pamalo onyowa kapena ozizira.

Yotsala ilowe m'firiji pasanathe maola awiri kuchokera pamene yatuluka mu uvuni, ndipo idyedwe m'masiku atatu kapena anayi. M'filiza imakhala bwino mpaka miyezi itatu. Iduleni zidutswa ikazizira, mukulunge chilichonse pachokha, kuti muzitulutsa chimene mukufuna. Mbale yathunthu yochokera m'filiza isungunukire m'firiji usiku wonse kapena kuposa, osati pa tebulo.

Potenthetsa, ikani chidutswa m'kambale, thirani supuni imodzi kapena ziwiri za madzi m'mbali, vundikirani ndi foyilo, mutenthetse pa madigiri 170 kwa mphindi 20 mpaka 25, pakati pafike madigiri 74. Mu microwave gwiritsani ntchito mphamvu yapakati, dulani chidutswa pawiri kuti kutentha kufike mkati, vundikirani ndi mbale ina m'malo mwa foyilo, ndipo muchisiye mphindi ziwiri musanadye kuti kutentha kufalikire paliponse. Tenthetsani chidutswa chimene mudye chokha, chifukwa yotenthetsa kawiri imauma ndipo pasta imaphwetekera.